Ndalama ya wakumudzi nayonso imagula

Kum'mawa kwa nyanja ya Chiuta, m'boma la Mecanhelas, kuli mudzi wina womwe telala wake ndi mayi wamasiye. Amasokera pakhonde, moyang'anana ndi njira yopita kudooko, ndipo asodzi, ana asukulu ndi amayi a kumpingo onse amasoketsa pomwepo. Aliyense wofika pakhondepo amaona kuti mwendo umodzi wa makina awo ndi wowotcherera, ndipo pansi pake pamakhala kachidutswa ka njerwa kuti makinawo asagwedere. Wina akafunsa za mwendowo, mayiwa amaimitsa phazi nkuyankha kuti, "Unathyoka ndi ndalama zanga zomwe." Akatero ndiye kuti wofunsayo afune pokhala, chifukwa nkhani yake njaitali.

Mayiwa anachoka ku Chiuta mu 1986 akadali mtsikana, pomwe nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inafika poipa. Inali nthawi yomwe anthu ankathawa ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo othawira ku Malawi anachuluka mpaka kupitirira 1 miliyoni. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera. Pakati pa 1993 ndi 1995 ena anakwera malole a bungwe la UNHCR, koma ambiri anangodziyendera okha, zitseko ndi malata zili pamutu, mbuzi zili patsogolo. Alongo awo a mayiwa anabwerera nawo m'gulu limenelo. Iwo anatsala, chifukwa anali atakwatiwa ndi bambo wina wa ku Mangochi yemwe ankaphika pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja yaikulu.

Anakhala kumeneko zaka zoposa 30. Bambo ankaphikira alendo, mayi ankasoka. Bamboyo atamwalira ndipo achibale atawasudzula mwamwambo, alongo awo anatumiza mawu akuti munda wa malemu amayi awo ukadalipo, abwere adzalime. Choncho m'chilimwe cha 2018, chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, mayiwa anayamba kumanga katundu. Panali bedi, matiresi awiri, kabati, malata omwe anagula pang'onopang'ono, mtondo, mbaula, makatoni asanu ndi makina aja. Adzukulu awiri omwe ankawalera anali oti apita nawo.

Kutatsala tsiku limodzi, adzukuluwo anapempha chinthu chimodzi. Moyo wawo wonse ankangoona kuchokera kumsewu anthu atakhala pansi pa maambulera m'mbali mwa madzi, akudya chambo ndi mafoloko. Ankafuna akalaweko asanachoke. Mayiwa nawonso, ngakhale amuna awo anathera mphamvu zawo m'khitchini ya malo oterowo, anali asanakhalepo pa mpando wa alendo. Anavala chitenje chawo chatsopano, namanga ndalama kunsonga, napita ndi anawo ku malo ena odyera, osati komwe amuna awo ankagwira ntchito.

Pachipata mlonda anawaimitsa.

"Amayi, ogulitsa nsomba amalowera kuseri."

"Sindikugulitsa kanthu, mwanangu. Ndabwera kudzadya ndi anawa."

Mlondayo anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenaka nkuwalozera tebulo la kumapeto, pafupi ndi potsukira mbale. Anakhala pamenepo nthawi yaitali popanda wowafunsa. Kunabwera galimoto ziwiri, imodzi ya azungu, ina ya anthu a m'tauni, ndipo anyamata operekera zakudya anathamanga kukawapukutira mipando. Pamapeto pake mmodzi anafika pa tebulo la mayiwa, koma m'malo mwa moni anafunsa kuti, "Mitengo yake mwaiona, amayi?" Ataitanitsa chambo anawauza kuti chatha. Posakhalitsa mbale zitatu za chambo zinadutsa pamphuno pawo kupita kwa eni galimoto aja. Anawo anadya tchipisi chozizira ndi zakumwa zofunda, ndipo polipira chenji sichinabwere mpaka mayiwa anachita kukachilondola.

Chomwe chimawapweteka mpaka lero si chambo ayi. Mnyamata uja anamuzindikira. Anali mwana wa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo yunifomu yake yoyamba ya kusukulu anasoka ndi iwowo, amake nkumalipira pang'onopang'ono. Mnyamatayo sanawazindikire chifukwa sanawayang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Anaona chitenje ndi masilipasi, nkuganiza kuti wadziwa kale kulemera kwa thumba lawo.

Madera a m'mbali mwa nyanja yaikulu amadya za alendo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Kuchokera pomwe malo a Cape Maclear anakhala nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park mu 1980, nkulowanso pa mndandanda wa UNESCO mu 1984, ana ambiri aphunzira ndi ndalama zochokera kwa anthu odzaona nyanja. Adzukulu a mayiwa nawonso anakula ndi ndalama zomwezo. Mnyamata woperekera zakudya amalandira zochepa, kotero maso ake amakhala pa yemwe angamusiyire kenakake pambale. Koma mtengo wolembedwa pa pepala la zakudya ndi umodzi kwa onse. Kwacha ya wovala masilipasi ikalowa m'kabati ya mwini malo siisiyana ndi kwacha ya wotsika m'galimoto.

Za lole anali atakambirana kale sabata imeneyo. Mwini wake anali munthu wa mawu okoma, wodziwika pa siteji kuti amasamutsa anthu. Anagwirizana K120,000 mpaka pachipata cha Nayuchi, pomwe alongo awo adzakhale akudikira. Iye anati ndalama zonse ziperekedwe msanga kuti agule mafuta, ndipo mayiwa anapereka. Panalibe pepala, panalibe mboni. Lole inayenera kufika 6 koloko m'mawa. Katundu anamutulutsa kunja tambala atangolira, anansi anatsanzika, koma dzuwa linafika pamutu lole osaoneka. Foni ya mwini wake inkangoitana. Inafika cha m'ma 2 koloko masana, woyendetsa ali wina, mwini wake kulibe.

Atangoyenda pang'ono, dalaivala anaima nkukweza matumba a usipa a anthu ena a geni. Anyamata a palole anawaponya pamwamba pa matiresi. Kutsogolo anakwezanso anthu a matola, ena nkukhalira kabati, ena nkupondera pa makatoni.

"Achimwene, galimotoyi ndachita hayala ine. Anthuwa akukhalira katundu wanga."

"Amayi, mukafuna galimoto ya nokha mukagule yanu."

Anthu a matola aja anaseka, ndipo mayiwa anangoti chete. Munthu yemwe bedi lake, mbale zake ndi makina omwe amadyera zili pa galimoto ya mwini sakangana kwambiri. Dalaivala amadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Ku Liwonde anafika kutada, chifukwa choimaima. Dalaivala anati usiku sayenda, aliyense aone kogona. Liwonde nayo ndi tauni ya alendo. Pali mlatho wa pa Shire, pali mabwato oonetsa mvuu, ndipo anthu opita kukaona njovu ku nkhalango ya Liwonde amadzera pomwepo. Mayiwa anapeza chipinda pa resitihausi ina nalipira. Atapempha lisiti anawauza kuti buku latha. M'bafa munalibe madzi, masikito anali obooka. Pakati pa usiku kunamveka kugogoda. Kunali kutabwera alendo a galimoto ofuna chipinda chachikulu, choncho mayiwa ndi adzukulu awo anawasamutsira m'kachipinda ka kuseri kopanda loko. Ndalama yotsala sanawabwezere. Akanatsutsa ndi chiyani, popeza lisiti analibe?

Usiku wonsewo lole inagona kwina, komwe iwo sanakuone.

M'mawa ananyamuka, nadutsa pa Nsanama nkulowa msewu wafumbi wopita ku Nayuchi. Atayenda ndithu, pamalo pomwe panali timagolosale tiwiri ndi mtengo wa mango, dalaivala anazimitsa injini. Anati msewu waipa kuposa m'mene abwana ake ankaganizira, mafuta atha, ndipo pakufunika K40,000 yoonjezera. Mayiwa anaimbira mwini lole, koma foni inali yothima. Anamasula kansalu kawo napereka K15,000, yomwe ankasungira mbewu ndi chakudya cha masiku oyamba. Lole inayendanso pang'ono nkuimanso. Apa ndiye anyamata anayamba kutsitsa katundu m'mbali mwa msewu, chipata chisanaoneke nkomwe. Makina anachita kuwakankha kuchokera pamwamba, ndipo mwendo wachitsulo unathyoka pomwepo mayiwa akuona.

Fumbi la lole litatha, anawerenga katundu. Makatoni anali anayi. Yomwe inasowa inali ya mbale zadothi, mipeni yophikira ya malemu amuna awo, chovala chawo choyera cha kukhitchini ndi zithunzi za ukwati. Anakhala pa mtondo, adzukulu ali pambali, matiresi akununkha usipa. Chapatali pankadutsa sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, mabogi ake osatha kuwerenga. Mayiwa amati anaiyang'ana mpaka inatha, nkumadzifunsa kuti zimatheka bwanji kuti malasha afike kunyanja ya mchere osatayika, pomwe mbale za munthu zalephera kufika ku Nayuchi.

Anawathandiza ndi anyamata a njinga za kabaza. Mmodzi anapalasa kukauza alongo awo kuchipata, wina anakaitana mwini ngolo, winanso anakhala nawo kulondera katundu. Mtengo anatchuliratu asanakweze kanthu, ndipo sunasinthe panjira. Anaoloka pa Nayuchi nkulowa pa Entre Lagos dzuwa litapendeka. Alongo awo ataona mwendo wa makina sanalankhule zambiri. Anangoti, "Mwafika ndi moyo, achemwali. Zinazo tiziona."

Gawo lomaliza la ulendo linali la pamadzi, chifukwa kumudzi kwawo katundu wolemera amafika msanga pa bwato kusiyana ndi pa njinga. Mwini bwato anali mnyamata wobadwa nkhondo itatha, woti mayiwa sanamuonepo. Asanakweze chilichonse anawerenga katundu mokweza mawu pamaso pa anthu a padooko. Pansi pa bwato anayala bango kuti matiresi asanyowe. Mutu wa makina anaukulunga m'thumba nkuupereka m'manja mwa mwini wake.

"Anganga, ichi munyamule nokha pamiyendo. Chikagwera m'madzi ine ndilibe chobweza."

Madzi anali ochepa chaka chimenecho, ndipo m'malo ena mnyamatayo ankatsika nkumakankha bwato m'matope ofika m'mawondo. Atafika tsidya anawerenganso katundu, nalandira ndalama yomwe anagwirizana, osaonjezera ngakhale pang'ono. Mayiwa anamufunsa chifukwa chake sanadandaule za matope aja. Iye anaseka nati, "Mawa mundipeza padooko pomwepa, anganga. Ndikakuberani lero, ndikathawira kuti?"

Mawu a mnyamata ameneyu ndiwo anawatsegula maso mayiwa. Mwini bwato sanabadwe ndi mtima wabwino kuposa dalaivala uja. Kusiyana kwake nkwakuti iye amanyamula anthu omwe adzawaonenso kumaliro, kumsika ndi kubwalo la mfumu. Wa lole yosamutsa amanyamula munthu yemwe akuchoka, woti wasiya anansi ake kumbuyo ndipo abale ake sanawafikebe. Wa malo odyera ndi wa resitihausi m'tauni ya alendo amalandira munthu yemwe mawa kulibe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pofuna kutiphunzitsa kuti tizimusamala pa kanthawi kochepa komwe ali nafe. Ena mwambi womwewo anautembenuza: poti sachedwa kukamuka, mudyereni lero.

Nzoona kuti a malole nawo ali ndi mavuto awo. Mafuta amakwera mtengo, misewu ya kumalire imadya matayala, ndipo kawirikawiri lole imabwerera yopanda kanthu. Koma zonsezi mwini galimoto amazidziwa asanatchule mtengo. Msewu wa ku Nayuchi sunaipe usiku umodzi. Ngati K120,000 inali yochepa, pokambirana paja ndi pomwe panali poyenera kunena, mayiwa akadali pakhomo pawo ndipo akadatha kufunsa galimoto ina. Kutchula mtengo wotsika kuti upeze ntchito, nkukaukweza pakati pa tchire munthu atasowa kolowera, ndi kulanda basi, ngakhale wolandayo asanyamule chikwanje.

Malamulo oteteza ogula alipo mbali zonse ziwiri za malire. Ku Malawi kuli lamulo la Consumer Protection Act la 2003, kulinso bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a anthu ochitiridwa chinyengo pa malonda, ndipo lamulo loyendetsera bungweli analikonzanso mu 2024. Ku Mozambique kuli lamulo nambala 22/2009 loteteza ogula, ndipo m'malo ambiri ogona ndi odyera m'matauni mumakhala buku lolembamo madandaulo lomwe amati livro de reclamações. Koma maofesi ake ali kutali ndi Chiuta, ndipo kulikonse komwe munthu angakadandaule funso loyamba limakhala lofanana: pepala lili kuti, nambala ya galimoto ndi chiyani, mboni ndani? Mayiwa analibe chilichonse mwa zitatuzi. Komanso cholakwa chinachitikira dziko lina, iwo akukhala dziko lina. Anthu a m'malire amagwa m'dzenje limeneli kawirikawiri.

Nchifukwa chake masiku ano aliyense wa m'mudzimo akamakonza zosamuka, kaya mphunzitsi wosinthidwa sukulu, kaya mtsikana wotsatira mwamuna ku Cuamba, amayamba wadzera pakhonde la telala. Malangizo awo sasintha. Katundu alembedwe pa pepala chimodzichimodzi, mapepala akhale awiri, dalaivala asaine pamaso pa mboni, ndipo pepala lomwelo limathandizanso pachipata. Mtengo ulembedwe pamodzi ndi dzina la malo enieni otsitsira, osangoti "kumalire". Ndalama iperekedwe theka ponyamuka, theka katundu atatsika ndi kuwerengedwa. Nambala ya galimoto ilembedwe ndipo itumizidwe pa foni kwa wachibale yemwe akudikira. Pagalimoto pakhale munthu wamkulu wa pabanja, ndipo ngati igona panjira, iyenso agone pomwepo. Kanthu komwe munthu amadyera, ndi kanthu komwe sikagulidwa m'sitolo monga zithunzi ndi makalata, kakhale pamiyendo. Pa resitihausi, chipinda achione kaye, lisiti ilandiridwe, ndalama ituluke pambuyo.

Ena amati zonsezi nzochititsa manyazi, ngati ukumuyesa mnzako wakuba. Mayiwa amayankha kuti manyazi omwewo ndiwo anawadyera mbale zawo. Woyendetsa galimoto wachilungamo sakana kusaina, chifukwa pepalalo limamutetezanso iyeyo kwa anthu onama kuti katundu wasowa. Yemwe wakwiya poona cholembera wadziulula yekha lole isananyamuke.

Palinso china chomwe anthu a ku Chiuta amachidziwa kale. Mu 1995 asodzi a mbali ya Malawi ya nyanjayi anagwirizana okha, napanga makomiti a m'madooko, nkuchotsa makoka a nkacha omwe ankakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Sanadikire kuti wina achokere ku likulu kudzawachitira. Anthu omwe anatha kugwirizana pa za nsomba sangalephere kugwirizana pa za galimoto. Malole omwe amafika m'madera ano ndi owerengeka, ndipo eni ake amadziwika. Mbiri ya yemwe amatsitsa anthu panjira itamanenedwa poyera pamsika, kumpingo, kumzikiti ndi pabwalo la mfumu, ndiponso ya yemwe amafikitsa katundu bwino itamanenedwa chimodzimodzi, wosamuka sangakhalenso munthu wopanda mboni. Phiri ndi phiri sizikumana, koma anthu amakumana.

Mwendo wa makina unakawotcheredwa ku Insaca patapita miyezi iwiri, alongo awo atagulitsa thumba la mpunga. Miyezi iwiri imeneyo mayiwa sanasoke, ndipo inali nthawi yomwe anthu amasoketsa zovala za Khirisimasi. Mbale anagula zina zapulasitiki. Zithunzi za ukwati sizinapezekenso, moti adzukulu aang'ono obadwira kuno nkhope ya agogo awo aamuna saidziwa.

Chaka chotsatira mdzukulu wa alongo awo, yemwe ankagwira ntchito ku Mangochi, anafuna kubweretsa katundu wake kumudzi. Anapita pa siteji yomwe ija, ndipo munthu wa mawu okoma uja anamuthamangira. Mnyamatayo anafunsa dzina, nayang'ana lole, nati, "Pepani bambo, mbiri yanu inafika kale kwathu." Anatenga galimoto ina yokwererapo mtengo pang'ono, analemba pepala, ndipo katundu anafika yense.

Chambo chija adzukulu anadzachidya kwawo konkuno, chowedzedwa m'Chiuta, chowotcha pa mbaula yomwe inapulumuka pa ulendo uja. Ndipo mlendo aliyense wofika pakhonde la telala, kaya wabwera ndi nsalu yatsopano, kaya ndi kabudula wong'ambika woti azigambe, mayiwa amayamba amuyang'ana kumaso, nkumupatsa moni ndi mpando, kenaka nkufunsa chomwe wabwerera.